Charles Darwin (1809-1882), Munthu Amene Anafunsa za Misozi ndi Manyazi

Pakagwa maliro m'mudzi, kaya kwa Mlolo kaya kwa Zingalume, munthu wapaulendo amene sanamdziwe womwalirayo akangomva kulira kwa amai m'siwa, mtima wace umabvutika, ndipo misozi imalengeza m'maso mwace. Palibe anamphunzitsa kucita cotero. Khanda la miyezi yowerengeka likaona amace akwinya nkhope, nalonso limayamba kupinda milomo. Izi tiziona masiku onse osazifunsa. Koma kunali Mzungu wina wa ku England amene anazifunsa zaka zoposa 30, nalemba makalata kufikira kwa amishoni a maiko akutali kuti amthandize kupeza yankho. Dzina lace ndiye Charles Darwin. Ambiri a inu munamva dzinali kwa ana a sukulu, amene amabwera kunyumba ndi nkhani yakuti Darwin anayesa munthu mwana wa nyani. Sanaphunzitse cotero kwenikweni, ndipo nkwabwino timve mlandu wace wonse tisanaweruze.

Anabadwa pa 12 February 1809 ku Shrewsbury. Atate wace, Robert Darwin, anali dotolo wolemera. Amace, Susannah, anali mwana wa Josiah Wedgwood, woumba mbale wochuka, amenenso analimbana ndi malonda a akapolo. Amacewo anamwalira mu 1817, iye ali ndi zaka 8, ndipo alongo ace ndiwo anamlera. Kusukulu sanapambane. Mtima wace unali pa kusaka mbalame ndi kutola miyala ndi zikumbu, kotero kuti atate wace anaopa kuti mwanayu adzacititsa banja manyazi.

Mu 1825 anamtumiza ku Edinburgh kukaphunzira udotolo. Masiku amenewo kunalibe mankhwala ogonetsa wodwala, ndipo munthu ankamng'amba ali maso. Darwin anaonerera kawiri, kamodzi pa mwana, nathawa nchito isanathe, ndipo sanabwererekonso. Cimene anapindula kumeneko ndico kudziwana ndi John Edmonstone, munthu wakuda amene anali kapolo ku Guyana namasulidwa. Iyeyu anamphunzitsa kusenda mbalame ndi kusunga zikopa zace, ndipo Darwin anamkumbukira mpaka kuukalamba monga munthu wanzeru ndi wokoma kuceza naye. Udotolo utakanika, atate wace anaganiza kuti akhale mbusa, namtumiza ku Cambridge mu 1828. Anatsiriza maphunziro ace mu 1831, koma asanadzozedwe, mphunzitsi wace John Henslow, yemwenso anali mbusa, anampezera malo m'combo ca boma cochedwa Beagle, cimene cinali kupita kukayesa magombe a South America.

Combo cinanyamuka pa 27 December 1831, nicibwerera pa 2 October 1836. Pa zaka zisanuzo Darwin anadwala cizungulire ca panyanja kosalekeza, nasonkhanitsa mafupa, mbalame ndi miyala mabokosi ambiri. Za mbalame ndi akamba a pa zisumbu za Galapagos zalembedwa m'mabuku a sukulu, ndipo tizisiye. Ife tiyang'ane anthu amene anakomana nao.

Ku Brazil anaona ukapolo ndi maso ace, namva kulira kwa akapolo pokwapulidwa. Anakangana nazo ndi Robert FitzRoy, mkuru wa combo, mpaka anatsala pang'ono kutsika. M'combomo munalinso anthu atatu a ku Tierra del Fuego, dziko lozizira la kunsonga kwa South America, amene FitzRoy anawatengera ku England pa ulendo wina, ndipo tsopano anali kuwabwezera kwao pamodzi ndi mmishoni wacinyamata, Richard Matthews. Mmodzi wa iwo, mnyamata amene Azungu anamucha Jemmy Button, ankabvala nsapato zopukuta bwino, nayankhula Cingelezi, ndipo Darwin akamadwala ankabwera kudzampepesa. Atafika kumtunda, Darwin anaona abale ace a Jemmy ali maliseche m'cisanu, tsitsi lowirira, ndipo anadzidzimuka kwambiri. Mishoni inapasuka m'masabata owerengeka. Pobwerera mu 1834 anapeza Jemmy ataonda, atabvala kacikopa, ali ndi mkazi, ndipo anakana kubwerera ku England. Funso limene linamera mwa Darwin pamenepo silinamcokenso: ngati munthu yemweyo akhoza kudya pagome la Azungu caka cino, nakhala m'bwato la makungwa caka camawa, nanga ndi ziti zimene munthu aphunzira, ndipo ndi ziti zimene abadwa nazo?

Ticule ndi ici, popeza ambiri sacidziwa. Combo citaima ku South Africa mu 1836, Darwin ndi FitzRoy analemba kalata yotamanda nchito ya amishoni a ku Tahiti, nisindikizidwa m'nyuzi ya Cikristu ya ku Cape Town. Imeneyi iri pakati pa zolemba zace zoyamba kusindikizidwa.

Atabwerera kwao, mu 1838 anapita kukaona nyama zosungidwa m'makola ku London. Kumeneko kunali Jenny, kamwana ka nyani wamkuru wa mtundu wochedwa orangutan. Wosunga anakaonetsa cipatso osakapatsa, ndipo kanadzigwetsa cagada, nikaponda miyendo, nikalira monga acita mwana wa munthu pomana. Atakanyengerera kanatonthola, nikalandira cipatsoco. Caka comweco Darwin anayamba kulemba m'timabuku tace tamseri za mkwiyo, nsanje, maloto, misala ndi cikumbumtima.

Mu January 1839 anakwatira msuweni wace Emma Wedgwood, mkazi wopemphera, ndipo mwana wao woyamba, William, anabadwa kumapeto kwa caka comweco. Atate ena akadangomnyamula ndi kumseka. Darwin anatenganso colembera. Analemba tsiku limene khandalo linayamba kumwetulira, ndi limene linayamba kuopa. William ali ndi miyezi 6, mlezi wace ananamizira kulira, ndipo pomwepo nkhope ya mwanayo inagwa ndi milomo inapindikira pansi. Ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi 7, atate wace anakomana naye akuturuka m'cipinda codyera, maso akuwala modabwitsa, mayendedwe acilendo. Poyang'ana anapeza kuti waba shuga amene anamletsa. Mwanayo anali asanamenyedwepo, tsono sikunali kuopa cikoti. Darwin anaona pamenepo kuphuka kwa cikumbumtima. Zimene analembazi anazisunga zaka zambiri, nazisindikiza mu 1877.

Ciphunzitso cace cacikuru tinene mwacidule. Mlimi akakolola amapatula zinsononkho zazikuru za mbeu, ndipo akacita cotero zaka zambiri cimanga cace cimasintha. Darwin anaganiza kuti m'chire mumacitika kusankha kotereku popanda mlimi. Zamoyo zimabala ana ambiri koposa amene angapeze cakudya. Ana a mai mmodzi safanana. Amene ali ndi kanthu kowathandiza kupulumuka ndiwo amakula nabala, napatsira ana ao kanthuko. Pa mibadwo zikwi zosawerengeka mitundu imasinthika, ndipo mtundu umodzi umagawika pawiri. Tsono sananene kuti nyani wa m'phiri anabala munthu. Ananena kuti munthu ndi anyani akuru ali ngati asuweni a kutali, a kholo limodzi limene linatha kalekale.

Anadziwa kuti nkhaniyi idzapweteka ambiri, kuyambira mkazi wace, ndipo anakhala nayo cete zaka 20. Mu 1842 anasamukira ku Downe, kamudzi ka ku Kent, kumene anakhala wodwaladwala m'mimba moyo wace wonse. Anabala ana 10, ndipo atatu anamwalira ali ang'ono. Imfa imene inamlasa koposa inali ya Annie, mwana wa pamtima pace, amene anatsirizika pa 23 April 1851 ali ndi zaka 10, ku Malvern kumene anamtengera kukafuna cithandizo. Emma sanakhalepo cifukwa anali pafupi kucira mwana wina. Munthu amene pambuyo pace analongosola umo nsidze zimakwerera pakati pa mphumi pa nthawi ya cisoni sanaphunzire zimenezo m'mabuku okha.

Mu 1858 analandira kalata ya Alfred Russel Wallace, amene anafika pa maganizo omwewo ali ku zisumbu za kum'mawa. Pamenepo Darwin sanathenso kucedwa, ndipo buku lace On the Origin of Species linaturuka pa 24 November 1859. Za munthu sananenemo zambiri, koma owerenga anaona kumene njirayo ikulowera. Bishopu Samuel Wilberforce anatsutsa poyera ku Oxford mu 1860. Komanso panali Akristu ena, monga mbusa Charles Kingsley ndi Asa Gray wa ku America, amene anaona kuti Mlengi akhoza kulenga mwa njira yocedwa monga akhoza kulenga m'kamphindi. Kusiyana kumeneku kulipo m'mipingo kufikira lero, ndipo sitidzakuthetsa m'tsamba lino.

Cinthu cimene cinamsautsa Darwin mwini cinali cifundo. Ngati moyo uli kulimbirana cakudya, wodzikonda ayenera kupambana, ndipo wodzipereka ayenera kufa wopanda mbeu. Nanga cifundo cinacokera kuti? Nanga njuci yanchito, imene sibala konse, ifera mng'oma bwanji? Yankho lace analilemba m'buku la 1871, The Descent of Man. Anasonyeza kuti nyama zokhala m'magulu zimacenjezana, zimasamalana ndi kupulumutsana. Anafotokoza nkhani imene Alfred Brehm anaona ku Ethiopia: agaru anazinga kamwana ka nyani kamene kanatsalira pathanthwe, ndipo nyani wamphongo wamkuru anatsika m'phiri yekha, nadutsa pakati pa agaruwo, nakatenga, nabwerera nako. Amene munalondapo cimanga m'mbali mwa mapiri simudzadabwa, pakuti mudziwa umo mmodzi amakhuwira patali kuti anzace athawe. Darwin anati gulu la anthu lokhala ndi ambiri okhulupirika ndi othandizana lidzaposa gulu la odzikonda, ndipo potero mtima wothandiza udzafalikira.

Za cikumbumtima anafotokoza motere. Njala, mkwiyo ndi cilakolako ziri ndi mphamvu koma zimapita msanga. Cikondi ca pa anzathu nca phee koma sicicoka. Munthu ali ndi nzeru yakukumbukira. Akaba mbuzi cifukwa ca nkhuli, mawa nkhuliyo yatha, koma nkhope ya mwini mbuzi ikali m'maganizo, ndipo poyerekeza ziwirizi amamva kulumwa mumtima.

Darwin sanadziwe njira imene makolo apatsira ana cibadwa cao. Ophunzira a pambuyo pace anapeza tinthu tating'ono ta m'thupi tochedwa majini, ndipo mu 1964 William Hamilton anasonyeza ndi masamu kuti wothandiza mbale wace athandizanso cibadwa cace comwe: abale a mai ndi bambo mmodzi amafanana theka la majini ocokera kwa makolo, ndipo mwana wa mlongo wako afanana nawe gawo limodzi mwa magawo anai. Apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Mwa Acewa mwana ndi wa kwa amace, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Mwa Angoni a Mpezeni, anansi athu, mwana ndi wa kwa atate wace cifukwa ca ng'ombe za malowolo. Mu 2003 Clare Holden ndi Ruth Mace a ku London anayerekeza mitundu 68 ya zinenero zacibale ndi cathu, napeza kuti mitundu imene inayamba kuweta ng'ombe kawirikawiri inasiya kutsata kucikazi niyamba kutsata kucimuna. Cifukwa cimene anapereka ndi cakuti ng'ombe zipindulitsa mwana wamwamuna koposa, popeza azilowolera akazi nacurukitsa adzukulu, pamene munda upindulitsa mwana wamkazi cimodzimodzi. Kaya akuruakuru athu angabvomere, muwafunse pabwalo. Ine ndiona makola a ng'ombe m'midzi yambiri ya Acewa, ndipo mbumba sinathe. Koma ndionanso milandu ya cuma ca masiye pakati pa ana ndi adzukulu a womwalira ikucuruka kumene kuli ng'ombe ndi ngolo.

Pano ndiyenera kunena canga. Kudziwa kumene khalidwe linacokera sikutiuza ngati khalidwelo ndi lolungama. Tinene kuti nzoona kuti munthu abadwa wokondera abale ace. Kodi mfumu ikakondera mphwace pa mlandu wa malire a munda, tidzati yacita bwino cifukwa ndi cibadwa? Nsanje nayonso ndi cibadwa, ndipo yapasula maukwati ambiri. Darwin anafotokoza bwino manyazi amene munthu amamva pamaso pa anzace. Pa za munthu amene alapa cimo limene palibe wina adzalidziwa, kapena akhululukira wopha mwana wace, yankho lace ndiliona loperewera.

Buku la 1872, The Expression of the Emotions in Man and Animals, ndilo limene amishoni anathandizako. Kuyambira mu 1867 anatumiza mafunso m'maiko ambiri. Kodi anthu a kwanuko akadabwa amatong'ola maso ndi kuyasama? Akamva cisoni, kodi milomo imagwera pansi? Ana akanyanyala amatukumula milomo? Pokana amapukusa mutu? Anapempha kuti asayankhe za pamtima, koma ayang'anitsitse anthu enieni. Analandira mayankho 36, ena ocokera kwa amishoni ndi aphunzitsi. Ku South Africa mmodzi wa oyankha anali Mwafrika, Christian Gaika, mbale wace wa mfumu Sandile ya Axhosa, amene analemba yekha m'Cingelezi. Pomaliza Darwin anapeza kuti kuseka, kulira, mantha, mkwiyo ndi kunyansidwa zimaoneka mofanana pa nkhope za mitundu yonse, ngakhale pa obadwa akhungu amene sanaonepo nkhope ya munthu. Zina anaona kuti nza mwambo cabe, monga kupsompsonana. Ifenso tingaonjeze kugwada ndi kuomba m'manja popereka moni. Za manyazi anati palibe nyama imene icita monga munthu. Mzungu akacita manyazi nkhope imafiira; pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka, koma kutentha kwa kumaso, kuzolika ndi kuthawitsa maso nzimodzimodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Paul Ekman anaonetsa zithunzi za nkhope kwa anthu a m'mapiri a Papua New Guinea, napeza zogwirizana ndi Darwin, ngakhale ophunzira ena atsutsabe kuti mwambo uli ndi gawo lalikuru koposa umo iye anayesera.

Nkhani ya nkhopeyi inali yolemera masiku amenewo. Kunali ophunzira ku America ndi ku Europe amene ankaphunzitsa kuti anthu akuda ndi oyera analengedwa padera, ndipo eni akapolo ankakondwera nao. Darwin anatsutsa, nanena kuti mitundu yonse ya anthu ndi pfuko limodzi, ndipo nkhope zathu ndizo mboni. Anaganizanso kuti makolo oyamba a anthu anakhala mu Africa. Umboni unayamba kuturuka iye atafa. Mu 1921 anchito a mumgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, anafukula cigaza ca munthu wakalekale, cimene anacitengera ku London, ndipo mu 2020 anaciyesa napeza kuti ciri ndi zaka pafupifupi 300,000. Mu 1924 ku Taung, m'South Africa, kunapezeka cigaza cina cakale koposa.

Koma tisabise zolakwa zace. M'buku lomwelo la 1871 anandandika mitundu ya anthu ngati makwerero, naika Azungu pamwamba ndi anthu onga abale a Jemmy Button pansi, nalembanso kuti akazi acepa nzeru poyerekeza ndi amuna. Pa ziwirizi analakwa, ndipo ophunzira a lero azikana. Msuweni wace Francis Galton anayambitsa mu 1883 ciphunzitso cakuti anthu aziswanitsidwa mosankha monga ziweto, cimene pambuyo pace cinabala nkhanza zazikuru ku America ndi ku Germany. Ife amene makolo athu ankagula nyama pazenera pamene Mzungu alowa pakhomo tidziwa kuwawa kwa makwerero otere.

Nanga cikhulupiriro cace? Cinazirala pang'onopang'ono, ndipo cimene cinamkhumudwitsa kwambiri ndico kucuruka kwa zowawa m'cilengedwe. Pa Sabata ankaperekeza banja lace kufikira pakhomo la kacisi, iye napita kukayenda. Mu 1879 analembera munthu wina kuti sanakhalepo wokana Mulungu, koma wosadziwa, ndi kuti munthu akhoza kukhulupirira Mulungu ndi kusinthika kwa zamoyo pamodzi. Anakhala bwenzi la mbusa wa pamudzipo, Brodie Innes, nasunga thumba la ndalama lothandiza osauka. Atamva kuti anthu a ku Tierra del Fuego alandira Uthenga ndi kuphunzira, cimene iye anayesa cosatheka, anabvomera kuti analakwa, nayamba kupereka ndalama ku South American Missionary Society. Pali nkhani imene alaliki ena amakonda, yakuti ali pafupi kufa anakana ciphunzitso cace natembenuka mtima. Inafalitsidwa mu 1915 ndi mai wina wochedwa Lady Hope, ndipo ana a Darwin amene anali pa imfayo anaikana. Ndipempha alaliki athu asaibwerezenso paguwa.

Buku lace lotsiriza, la 1881, linali la nyongolotsi ndi umo zimatembenuzira nthaka. Anamwalira ndi nthenda ya mtima kunyumba kwace pa 19 April 1882, ali ndi zaka 73. Iye anayembekeza kuikidwa ku Downe, koma anzace ndi akuru a dziko anapempha kuti aikidwe m'kacisi wamkuru wa Westminster Abbey, ndipo akuru a kacisiyo analola. Anamuika pa 26 April, ndipo Wallace anali mmodzi wa onyamula maliro. Emma sanapiteko, anatsala kunyumba, namwalira mu 1896, naikidwa ku Downe. M'cipinda cacikuru comweco ca kacisi muli manda a David Livingstone, amene thupi lace linaikidwamo mu 1874, mtima wace utatsala kwa Chitambo.